Mtedza wa ku Mponela M'nyumba ya Dona

Ndiyambe ndi kuvomera mlandu: belu lija linalira chifukwa cha ine. Sindikunena belu la tchalitchi ayi, ndikunena lija limakuwa akuba akathyola sitolo. Linalira nyumba yonse, azungu okalamba odzaza basi anatulutsidwa panja mvula ikuwaza, ndipo mwana wanga Tiyamike anagwetsa misozi pamaso pa mayi amene ankafuna kuti akhale apongozi ake. Zonsezi sindikana. Chimene chimandiwawa n'chakuti Tiyamike akamaikamba nkhaniyi kwa anzake amaithera pa belu pomwepo, ngati kutsogoloko kulibe kanthu. Ndiye lekani mwini wakene ndiikambe mpaka kumchira.

Ine ndine telala wa pa Mponela, wopuma pantchito chifukwa maso anayamba kukangana ndi singano. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, osati chifukwa cha kuuma mutu, koma aphunzitsi ndi ine tinaona kuti tadziwana mokwanira. Chaka chathachi Tiyamike anandiitanitsa ku Mangalande kuti ndikaone kumene amakhala, ku Smethwick, pafupi ndi Birmingham. Mwanayu amagwira ntchito yosamalira nkhalamba: kuzisambitsa, kuzidyetsa, kuzitembenuza pabedi. (Ndinamufunsa kuti nanga nkhalamba ya ku Mponela ino idzasamalidwa liti, anati ilembe kaye mafomu.)

Koma chimene anandiitanira kwenikweni chinali china. Anapeza mwamuna, mzungu, dzina lake Colin, wokonza mipope ya madzi. Mnyamata wabwino, wamanyazi, wamtali ngati mlongoti. Chichewa amadziwa mawu atatu, "abambo", "zikomo" ndi "ndakhuta", ndipo achitatuwo amawanena akunama. Vuto linali mayi ake, a Margaret a ku Kings Heath, mayi wamasiye amene kale anali mphunzitsi wamkulu. Iwowa ukwatiwu anali asanauvomere. Sananene kuti ayi, azungu achikulire sanena ayi, amangoti "tiona". Koma Colin anatsina khutu Tiyamike kuti mayi ake akuganiza kuti mtsikanayu akufuna mapepala okhalira m'dzikomo, osati mwana wawo. Ndipo Colin, pokhala mwana mmodzi yekha, anali atanenetsa kuti sangapite kuguwa mayi ake ali chikwinyire nkhope.

Ndiye a Margaret anati akufuna aone kumene mtsikanayu anachokera, kutanthauza ineyo. Mayeso ake anakonza okha. Loweruka tonse anayi tipite kumidzi ya ku Warwickshire kukaona chinyumba china chakalekale, chimene iwo ankapitako chaka ndi chaka kuyambira amuna awo ali moyo.

M'mawa wa tsikulo Tiyamike anandiimika pakhomo ngati mwana wopita ku sukulu koyamba.

"Adadi, please, lero ndi intavyu yanga. Osagwira chilichonse. Osafunsa kuti chinthu anagula zingati. Osaimba."

"Ine ndimaimba liti?"

"Dzana m'basi."

"Imene ija inali nyimbo ya Mulungu."

"Osaimba, adadi."

Ndinavomera, kenaka ndinafunsa funso limene munthu aliyense woleredwa amafunsa: "Nanga kumene tikupitaku n'kwa yani?"

"Ndi nyumba ya banja lina lakale. Anthu amangokaona basi."

"Eni ake anatha?"

"Colin akuti kuli agogo ena aakazi amakhala mbali ina ya nyumbayo, koma saoneka. Ifeyo sitikupita kwa iwo. Tikupita kukaona nyumba."

Apa m'pamene mwana wanga anandiposa nzeru, kapena ine ndinamuposa, muweruze nokha. Kukaona nyumba, mwini wake osamuona? Kwathu munthu wozungulira nyumba ya mnzake n'kumasuzumira m'zipinda, osapereka moni, ali ndi dzina lake, ndipo dzinalo limathera ku polisi. Ndinangolowa kuchipinda, n'kutenga jumbo ya mtedza wosenda umene ndinachoka nawo kumunda kwanga (momwe unadutsira pabwalo la ndege musandifunse), n'kuika m'thumba lam'kati la jekete. Jeketelo ndinasoka ndekha, matumba ake mutha kubisamo nkhuku. Kwa eni sapita chimanjamanja. Lamulo limeneli Tiyamike sanaliletse, chifukwa sindinamufunse.

A Margaret tinakawatenga kwawo. Kamayi kakafupi, tsitsi loyera bwino, msana wowongoka ngati rula. Ndinawapatsa moni wa manja awiri, bondo litapinda pang'ono. Iwo anandipatsa nsonga za zala, zozizira ngati usipa wa m'furiji. M'galimoto anandifunsa ngati kuzizira ndikukuzolowera. Ndinati inde. Anandifunsanso ngati ulendo wa pandege unali wautali. Ndinati inde. Chizungu changa ndi cha pakhonde la sitolo, chimagwira ntchito bwino munthu akamafunsa mafunso a inde. Mpaka kukafika, ndinali nditakhoza zonse.

Tinayambira kutchalitchi chakale chimene chili m'mbali mwa chinyumbacho. Chamiyala, chozizira, mazenera a magalasi amitundumitundu, chokongola zedi. Ndinavula chipewa n'kulowa. Nditayenda mapazi angapo ndinaona kuti miyala ya pansi ili ndi zolemba. Ndinawerama, n'kuona dzina la munthu, kenaka chaka, kenaka chaka china. Sukulu yanga ndi yochepa, koma dzina likakhala ndi zaka ziwiri ndimadziwa kuti mwini wake sakuyankhanso.

"Tiya, pansi apa pali chiyani?"

"Manda, adadi. Kale ankaika anthu m'tchalitchi."

"Ndiye ine ndaima pa munthu?"

"Aliyense amapondapo. Tiyeni."

Aliyense ankapondapodi. A Margaret anali ataima pachifuwa pa mkulu wina, akutiwerengera dzina lake mokweza. Ine ndinabwerera chafutambuyo, n'kuyamba kuyenda chokhulakhula m'mbali mwa khoma ngati nalimata, ndikudumpha pamene pali dzina, pakamwa ndikuti "pepani akuluakulu, pepani, ndife alendo". Pamwala wina ndinadumpha mopitirira, n'kukagwira benchi kuti ndisagwe, mabuku a nyimbo n'kukhuthukira pansi. A Margaret anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Colin anatola mabukuwo mwakachetechete. Tiyamike anayang'ana kudenga, kumene thandizo limachokera.

Kenaka chinyumba chija. Abale anga, ndaonapo nyumba, koma ija ndi sukulu ya sekondale, chipatala ndi boma kuziphatikiza. Machumuni ngati nkhalango. Pakhomo lalikulu anthu ankangolowa ngati mumsika. Ine ndinaima pa sitepe, n'kuwomba m'manja.

"Odi."

Zii.

"Odi kuno."

"Adadi," Tiyamike anandikoka jekete, "kuno saodira."

Ndinalowa, koma mtima sunalowe. M'kati tinakumana ndi bambo wina wachikulire, wa tayi ndi baji pachifuwa, akumwetulira. Ndinati ameneyu ndi wa pabanjapo. Ndinamugwira dzanja ndi manja awiri, n'kumufunsa m'Chizungu changa ngati ali mwini nyumba. Anaseka, nati ayi, iye amangothandiza Loweruka lokha. Chipinda chachiwiri, mayi wa baji, yemweyonso wongothandiza. Chachitatu chimodzimodzi. Nyumba yonse yodzaza ndi othandiza, wothandizidwayo osaoneka. Pamakoma zithunzi za eni ake, amuna a tsitsi lopotana ngati nkhosa, akazi a madiresi odya nsalu mayadi makumi awiri, onse akundiyang'ana ndi diso limodzi lomwelo: iwe wapereka moni kwa yani?

Tinaona chipinda chodyera, mbale zili ndandanda patebulo, chakudya palibe. Tinaona chipinda cha mabuku. Tinakwera pamwamba n'kulowa mpaka kuchipinda chogona, kuona bedi la eni ake, la nsanamira zinayi ndi makatani. Ine manyazi anandigwira. Munthu wachilendo kuona pogona pa mzimayi amene sunamulonjere? Ndinayang'ana kumbali, anzanga akujambula.

Pofika chipinda chochezera miyendo inali itatopa, ndipo mipando inalipo yambiri, yansalu zopeta, yopanda wokhalapo. Chodabwitsa, pampando uliwonse anaikapo kanthu kouma, kooneka ngati chitsononkho chomera minga. Ndinangoti eya, ndadziwa. Azunguwa amatinena ife za zitsamba, chonsecho nyumba zawo n'zotsirika mpando ndi mpando. Koma mankhwala otsirikira amagwira wakuba, ndipo ine mpandowo ndinalibe nawo ulendo. Ndinachotsa kachitsononkhoko ndi ulemu wonse, n'kukaika pawindo, n'kukhala.

Mpandowo unati kwee, ngati mbuzi yoponda pamsampha. Mayi wa baji anatulukira ngati wachita kugwa kudenga, manja m'mwamba, mawu ali pansipansi koma nkhope yofiira. Anthu onse anatembenuka. Ndinamva kuti mpandowo uli ndi zaka mazana angapo, kuti palibe waukhalira chiyambire nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ndi kuti kaminga kaja amaika dala kuti anthu adziwe kuti pamenepo sakhala. Ndinadzuka. Mpando sunathyoke, ndinauyang'ana bwinobwino, unangodandaula basi.

A Margaret anandifulatira. Anatembenukira kwa Colin n'kuyankhula mawu ochepa, mano ali pamodzi, kenaka anatsogola okha kupita chipinda china. Colin anawatsatira khosi lili pansi. Tiyamike anandikokera pakona.

"Adadi, mwandimaliza."

"Mwana wanga, mpando ntchito yake n'chiyani?"

"Mukudziwa chimene anena? Akuti tikamaliza chipinda chino tizipita, tiyi akamwera kwawo. Okha." Anandigwira mkono. "Zaka ziwiri ndakhala ndikuyesetsa kuti mayi amene aja andione ngati munthu. Ndimachoka ku shifiti n'kukawagulira mankhwala, ndimawapititsa kuchipatala Colin akatanganidwa. Lero limodzi lokha ndinakupemphani. Imani pompano. Musasunthe. Ndikawapepese."

Anapita. Ndinaima pomwepo, ndipo ndisakunamizeni, zinandilowa. Mwana uja ndinamuphunzitsa sukulu ndi ndalama za makina osokera, ndipo tsopano ndinali kumuphwasulira banja ndi matako anga omwe. Koma nditaganiza bwino ndinaona pamene panayambira tsoka. Taponda akufa a eni, talowa osaodira, taona bedi, takhala pampando, zonsezi mwini nyumba osamulonjera. Zinthu zikanayenda bwanji? Mlandu ukakula sukambirana ndi othandiza a Loweruka. Umapita kwa mwini.

Pafupi ndi pamene ndinaima panali kachitseko kopapatiza, kopakidwa utoto wofanana ndi khoma, kolembedwa mawu oletsa kulowa. Ndisanamizire Sitandade 5, mawuwo ndinawawerenga ndipo ndinawamva. Koma ndinati zimenezi amalembera anthu ongoyendayenda. Ine ndili ndi nkhani, ndiponso ndili ndi mtedza. Ndinakankha.

Ndinapezeka m'kanjira kamdima pang'ono, kopanda zithunzi. Kumapeto kwake kunali chitseko china. Nditangochitsegula, belu lija linayamba. Limalira ngati likubaya m'khutu. Kumbuyo ndinamva mapazi, zitseko, anthu akuitanizana. Mtima unati thawa. Mutu unati wothawa ndi wakuba. Ndiye ndinakonza tayi n'kupitirira pang'onopang'ono.

Mbali imeneyi inali nyumba ya munthu tsopano. Majombo amatope pakhomo, makhoti pamsomali, fungo la anyezi wokazinga. Chitseko china chinali chotseguka pang'ono. Ndinaima, n'kuwomba m'manja.

"Odi."

"Odini?"

Ndinayang'ana kumbuyo, kuganiza kuti mwina akufa aja anditsatira. Chitseko chinatseguka, n'kutuluka mzimayi wakuda ngati ine, wa yunifolomu yabuluu yonga ya Tiyamike, supuni ili m'manja. Tinayang'anana.

"Imwe atate," iye anati, "mwangena bwanji kuno? Ndimwe mwaliza ichi?"

"Ndine, mayi. Kwanu n'kuti?"

"Ku Chipata. Ndine Misozi, nisamalira amama a nyumba ino. Manje imwe mufuna ndani?"

"Amama omwewo. Ndabwera kudzapereka moni."

Misozi anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. M'katimo munamveka mawu a nkhalamba, akuthwa ngati lumo, akufunsa kuti ndani. Misozi anayankha m'Chizungu, n'kumvetsera, kenaka anati, "Akuti ngati ndimwe kawalala mubwere akuoneni, sanaonepo kawalala wa tayi."

Kanali kachipinda kakang'ono, kotentha bwino, ka wailesi ya kanema ndi manyuzipepala ali mbwee. Pawindo, panjinga ya olumala, panali Dona mwini wake. Wokalamba kundiposa kutalitali, wowonda, bulangete pamiyendo, koma maso ngati a mphamba. Ndinavula chipewa, n'kunjuta mpaka bondo linalira, n'kupereka moni wonse: za kumene ndachokera, za amene ndawasiya kumudzi, za mvula ya chaka chino. Misozi ankamasulira, ndipo ndikukayika ngati ankanena zonse, chifukwa zanga zinali zazitali, zake zazifupi.

"Akufunsa kuti mufuna chani."

"Muwauze kuti sindikufuna kanthu. Kuyambira m'mawa ndakhala ndikuyenda m'nyumba mwawo. Ndaona mbale zawo, ndaona makolo awo pakhoma, ndaona ndi bedi lomwe. Ndiye ndaona kuti si ulemu kuona bedi la munthu, nkhope yake osaiona."

Misozi atamasulira, Dona anandiyang'ana kanthawi, kenaka anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, Misozi n'kumusisita pamsana. Atapezako mpweya anati bedi limenelo linali la apongozi ake, louma ngati mwala, ndipo tsiku limene analisiya anathokoza Mulungu. Anatinso anthu amadutsa m'nyumba mwake chilimwe chonse, amawamva mapazi pamwamba pa mutu wake, koma wogogoda kuti aone ngati akadali moyo, woyamba ndine.

Ndinaona kuti mphepo ili bwino, ndiye ndinaulula za mpando. Dona anafunsa kuti uti. Nditaufotokoza anagwedeza dzanja. "Umenewo ankagonapo ndi galu wa apongozi anga zaka khumi. Galuyo anali wonenepa kuposa bamboyu."

Apa ndinatulutsa jumbo ija n'kuipereka ndi manja awiri. Dona anaitsegula, anatapa mtedza n'kuununkhiza. Anafunsa ngati ndinalima ndekha. Ndinamuonetsa zikhatho. Anati mano ake ndi ogula, sangalimbane nawo, koma Misozi anati aukazinga n'kuusinja, azithira m'phala. Dona anaikumbatira jumboyo pamiyendo ngati mphaka.

Nthawi yomweyo chitseko chinatseguka mwamphamvu, n'kulowa mkulu woyang'anira nyumbayo, wailesi ya m'manja ikulongolola, thukuta lili kamukamu. Atandiona anatambasula dzanja kuti andigwire paphewa. Dona anangokweza chala chimodzi, mkuluyo n'kuuma pomwepo.

"Chasowa chilipo?" anafunsa Dona.

Mkuluyo anati akuwerengabe, koma pakadali pano palibe.

"Ndiye kuti chawonjezeka ndi mtedza. Kazimitseni chiphokosocho. Bamboyu ndi mlendo wanga."

Kenaka anandifunsa ngati ndabwera ndekha. Apa, abale anga, ndi pamene mzimu wa agogo anga unandinong'oneza. Ndikanatha kunena kuti ndabwera ndi mwana wanga ndi anzake. Koma ndinati, "Ndabwera ndi mwana wanga, mkamwini wanga, ndi asewere anga."

Misozi anandiyang'ana. "Asewere m'Chizungu kulibe, atate. Nikambe bwanji?"

"Muwauze kuti mwana wanga akukwatiwa ndi mwana wa mayiwo."

"Ni zoona?"

"Zikhala zoona. Masulirani."

Dona analamula mkulu uja kuti akawatenge onse atatu, ndipo Misozi ateleke tiyi.

Ndinamva pambuyo pake zimene zinkachitika panja. Anthu onse anali pa kapinga pansi pa maambulera, Tiyamike akundifunafuna m'gulumo osandipeza, akulira. Mkulu wa wailesi atafika n'kufunsa kuti abale a bambo wa jekete labulauni ndi ati, a Margaret anatseka maso. Ankaganiza kuti akupita kukaona munthu ali m'manja mwa apolisi. Anadutsa kachitseko kaja, kamene akhala akukadutsa pambali zaka zonsezi, n'kundipeza nditakhala pa sofa, mwendo pa unzake, kapu ya maluwa m'manja, bisiketi ndikuviika.

Nkhope ya a Margaret tsiku limenelo ndikanakonda ndikanaijambula. Dona ameneyu ankangomuona m'kabuku kofotokoza za nyumbayo, ali mtsikana pa hatchi. Mphunzitsi wamkulu uja anasanduka mwana wa Sitandade 1, manja osadziwa powaika.

Dona sanachedwe. Anawayang'ana a Margaret n'kunena kuti, "Ndamva kuti mwana wanu akukwatira mwana wa bamboyu. Ndakondwa nanu."

Colin anayang'ana nsapato zake. Tiyamike anandiyang'ana ine, diso lonena kuti tikafika kunyumba muona. Ine ndinayang'ana bisiketi. A Margaret anali ndi njira ziwiri: kutsutsa Dona m'nyumba mwake, kapena kumeza. Anatsegula pakamwa, anatseka, kenaka anati, "Zikomo kwambiri."

Zimenezo zinali zanga, ndipo ndikudziwa kuti zikomo wofinyidwa samanga banja. Zotsatira anachita Tiyamike yekha, osadziwa n'komwe. Anapita kukapereka moni kwa Dona, n'kugwada monga anaphunzirira kwawo. Ali chogwada anaona kuti phazi limodzi la Dona latsetsereka pa chopondera cha njinga, likulendewera chopindika. Osasiya kuyankhula, analinyamula ndi manja awiri, n'kulibwezera, n'kukonza silipasi, n'kufunditsa bulangete. Anafunsa Misozi motsitsa mawu kuti kutupa kwa akakolo kwayamba liti. Zonsezi misozi isanaume m'masaya.

Dona anamugwira dzanja osalisiya. Anauza a Margaret kuti iye ali ndi adzukulu asanu, onse ophunzira kwambiri, ndipo akabwera amamupsompsona pachipumi n'kuyang'ana wotchi, phazi lake palibe analionapo. "Inuyo mwachita mwayi," anatero. "Mudzakalamba bwino kuposa ine."

A Margaret ndinawaona akumuyang'ana Tiyamike nthawi yaitali, osati pamwamba pa magalasi, koma kudzera m'magalasi mwenimwenimo.

Tinakhala ola lathunthu. Dona anatuma Colin kuti aone mpope wa m'bafa umene unkadontha (mzungu wolemera saphonya mwayi), ndipo mkamwini wanga anaukonza ndi manja okha. A Margaret anamasuka, anafunsa za zithunzi, za munda wa maluwa, za chipinda china chimene sichitsegulidwa, ndipo Dona anawauza nkhani za makolo a pakhoma aja zimene m'kabuku mulibe, zina zoti Misozi anakana kundimasulira. Potsanzika Dona anauza mkulu wa wailesi kuti atitulutsire khomo la banja, osati la alendo. Tinatulukira pamaso pa gulu lija likubwerera m'nyumba litanyowa, kuwerenga katundu kutangotha kumene. Mayi wa baji uja, wa mpando, anali pomwepo. Ndinamuvulira chipewa.

M'galimoto a Margaret ankangoyang'ana kutsogolo. Tinadutsa minda, nkhosa, timidzi ta matchalitchi a nsonga, mpaka nyumba zinayamba kuthithikana. Ine ndinali nditayamba kuwerengera kuti mwina ndapambana kwa Dona koma ndaluza kwa asewere. Tikulowa mumsewu wautali wa ku Kings Heath, a Margaret anakonza pakhosi, osatembenuka.

"Tiyamike," anatchula dzina lonse, bwinobwino, koyamba. "Kwanuko pa ukwati, mayi a mwamuna amavala chipewa?"

Colin anaphonya giya. Tiyamike anagwedeza mutu movomera.

"Chabwino," anatero a Margaret. "Ndiye mudzandiperekeze kokagula. Colin sadziwa kanthu." Titaima pakhomo pawo anatsika, n'kusuzumira pawindo langa. "Tsikani nonse. Tiyi wa uko anali wopyapyala."

Madzulo ake ku Smethwick ndinadikira kuti mwana wanga andithokoze. Ndinakhala pampando mooneka bwino, kuti asavutike kundipeza. Anabwera, anaima patsogolo panga manja m'chiuno.

"Adadi, mukudziwa kuti akanakumangani? Mukudziwa kuti viza yanu ikanathera pomwepo, mwinanso yanga?"

"Koma chipewa akugula."

"Musasinthe nkhani. Sabata yamawa amayi akufuna atitengere ku kasolo ina, linga la mafumu akale. Mulonjeze pompano kuti chitseko cholembedwa kuti osalowa simudzatsegulanso."

Ndinamva kuti wati "amayi", koma sindinafune kumuchititsa manyazi. Ndinaika dzanja pamtima n'kulonjeza, ndipo ine ndikalonjeza ndimasunga. Chitseko chotero sindidzatsegulanso ndi dzanja langa. Koma zoti ndikaima panja n'kuodira, eni ake n'kunditsegulira okha, zimenezo sitinakambirane.